Tsiku limene a Lapukeni ananyamula boma lonse

Kkkkk imani kaye ndipume. Chabwino, tiyeni.

Nkhani iyi inachitikira ku dziko la Indebwana. Musalifune pa mapu simulipeza, amene ankajambula mapu anauzidwa kuti abwere mawa ndiye mpaka pano akubwerabe. Likulu lake ndi Bweranimawa. Mfumu yake ndi a Sindilakwa Wachitatu, mwana wa a Sindilakwa Wachiwiri, amene nawonso anali mwana wa... basi mwamva kale, banja lonse silinalakwepo chiyambire.

Chinthu chimodzi muchidziwiretu, apo bii simuseka. Ku Indebwana mwambo waukulu kuposa yonse ndi wolandira katundu. Wamkulu sanyamula kanthu wamng'ono ali pompo akuona. Ukangoona wamkulu wako wagwira ngakhale kabokosi ka machesi umathamanga, manja awiri, "tikulandireni". Ndipo wolandirayo ndiye wamng'ono, basi, palibe zokambirana. Ukalandira katundu m'manja mwa munthu ndiye kuti wavomera pamaso pa anthu kuti ameneyo ndi wamkulu wako. Katunduyo sumubwezera m'manja ayi, umakamuikira kunyumba kwake, iye amakangomupeza ali pa mpando. Gwirani chimenechi.

Ndiyeno chaka china Mfumu inapita ku msonkhano wa mafumu ku dziko loyandikana nalo, inatenga nduna zake zonse. Kumeneko anajambulidwa chithunzi. Chithunzicho chitafika m'mafoni eeeh!! Nduna za mayiko ena zaima bwinobwino, suti zosalala, aliyense kachikwama kachikopa m'manja. Nanga za ku Indebwana? Matumba a suti atupa ngati masaya a mwana woba mtedza. Mafoni awiriawiri, makiyi, tchaja, mabotolo a madzi a kumsonkhano, maswiti. Nduna Yaikulu, a Ndagwirizana, anali atabisa jumbo ya buluu kuseri kwa mwendo kuopa kuti wina angawalandire, koma kamera siidziwa ulemu, mu jumbomo munkaoneka ntchafu ya nkhuku bwinobwino kkkkk

Lolemba m'mawa Mfumu inaitanitsa khonsolo. Nduna zinalowa zikuwomba m'manja zisanamve n'komwe nkhani, chifukwa kumeneko kuwomba m'manja mochedwa ndi mlandu. Mfumu inaika foni pa tebulo kuti thi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chithunzi, Mwinidziko," anatero a Ndagwirizana.

"Ndikuona kuti ndi chithunzi! Ndikufunsa zimene zatupa m'matumbamu!"

Nduna zonse zinaphimba matumba ndi manja.

"Ndi chitukuko, Mwinidziko. Timabwera nacho kumudzi."

"Chitukuko chimakhala ndi ntchafu?"

Tsiku lomwelo inakhazikitsidwa Komiti Yosankha Chikwama Choyenera Mwamuna Wovala Suti. Wapampando anali a Kalilole, Nduna ya Maonekedwe ndi Kupesa, bambo woti akamadutsa pa galimoto iliyonse amaima kaye kudziyang'ana pa windo. Komitiyo inakumana miyezi itatu eti. Miyezi itatu!! Pomaliza anabweretsa zikwama zisanu pamaso pa Mfumu, a Kalilole n'kumazivala chimodzichimodzi, akuyenda uku ndi uku ngati a mpikisano wa chiphadzuwa.

Choyamba chinali choberekera kumsana.

"Ichi manja amapuma, Mwinidziko, koma chimakwinya mapewa a jekete."

"Ukuoneka ngati ukubwereza sitandade faifi," inatero Mfumu. "China."

Chachiwiri chinali cha lamba wopingasa pachifuwa. Nduna ina inafunsa ngati a Kalilole ali ndi mayunitsi ogulitsa. China. Chachitatu chinali kakang'ono kopanira m'khwapa, ndiye a Ndagwirizana anapempha mwaulemu kuti kameneko ayi chifukwa akazi awo ali nako kofanana ndendende, azidzalimbirana m'mawa. Chachinayi, ndipo sindikunama, chinali chija chachikulu cha mizeremizere timachitcha ukwati watha. Anachibweretsa ndi a Nduna ya Zaulimi.

"Chimalowa zambiri ichi, Mwinidziko. Nkhuku yathunthu osapinda miyendo."

"Tikayenda nacho tonse mumsewu anthu aziti chiyani?"

"Aziti boma latha," inayankha nduna ina kumbuyo, kenako inayamba kuwomba m'manja mwamphamvu kuti asadziwe kuti ndi iyo.

Chinapambana ndi chachisanu. Chachikopa, chabulauni, chogwira m'manja. A Kalilole anafotokoza kuti chikwama cha mwamuna chiyenera kufanana mtundu ndi nsapato ndi lamba, apo ayi ukuoneka ngati wabwereka. Vuto linali loti theka la nduna linali ndi nsapato zakuda. Mfumu inaganiza pang'ono n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo nsapato zakuda zonse m'dzikomo ndi zabulauni. M'manja phwaphwaphwa. Anagwirizananso kuti kukula kwa chikwama kuzitsata kukula kwa udindo. Cha Mfumu chinadya chikopa cha ng'ombe yathunthu.

Madzulo ake wailesi inawerenga lamulo:

"Mwamuna aliyense wa boma wovala suti azinyamula chikwama chake m'manja mwake. Lachisanu kudzakhala Perete wa Zikwama, kuchokera kunyumba yachifumu kukafika pa chipata cha msika wa Tsitsaniko. Wofika pa chipatapo alibe chikwama chake adzavulidwa jekete pompo, ndipo jeketeyo sidzalowanso pa geti la mpanda wachifumu." Mumpanda umenewu ndi momwe mumakhala Mfumu ndi nduna zonse. Pansi pa lamulolo Mfumu inawonjezera ndi dzanja lake kuti aone kuti siikusewera: "Aliyense ndi aliyense."

Palibe ngakhale mmodzi amene anakumbukira mwambo uja. Komiti ya miyezi itatu kkkk

Tsopano tiyeni kwa a Lapukeni Chimphepo. Amenewa ndi amene amadinda zidindo kunyumba yachifumu, zaka 27 akungoti phaa phaa pa mapepala. Pa mndandanda wa ovala suti a boma iwo anali nambala 21, ndipo mndandandawo unkathera pa 21. Pansi pawo panalibe munthu. Ngakhale mphaka wa ku ofesi anali ndi khushoni, iwo benchi. Moyo wawo wonse akhala akuthamangira kulandira ena, koma iwo palibe anawauzapo kuti tikulandireni. Ngakhale kunyumba, chifukwa amafika manja lendee, ndiye ana alandira chiyani, mphepo?

Suti anali nayo imodzi yokha, yotuwa, yomwe anakwatira nayo. Ndipo Loweruka, mawa lake la perete, kunali chinkhoswe cha mwana wawo Ndaziona. Akuchimuna anali anthu a matama, aja amayamba kukuyang'ana nsapato asanakupatse moni. Ndaziona anali atapempha chinthu chimodzi chokha: "Ababa chonde mudzavale suti ija yonse, ndipo jekete musadzavule ngakhale kutenthe bwanji." Chifukwa shati yawo yoyera, yomwenso ndi imodzi, kumsana ili ndi chigamba cha chitenje cha boma, ndipo pa chigambapo pali khutu la Mfumu. Khutu lokha. Ndiye mwaona, jekete ikapita Lachisanu, Loweruka bambo a mkwatibwi akaima pamaso pa akuchimuna ndi khutu kumsana.

Kachikwama kawo atakalandira ku ofesi kanali kofanana ndi sopo wosambira. Chidindo chokha ndi chimene chinakwanamo.

Akazi awo, a Nangondo, amagulitsa zikwama za kaunjika pa msika wa Tsitsaniko. Mayi woti akamalankhula nkhope siisintha, umakazindikira uli kunyumba kuti aja anakunyoza. Msika umenewu ulibe chimbudzi, ndikuuziretuni. Chinalonjezedwa zaka 9 zapitazo, njerwa zinaumbidwa ndithu, a Lapukeni anazidinda imodziimodzi zisanawotchedwe kuti ZA CHIMBUDZI CHA MSIKA, kenako zinaunjikidwa kuseri kwa nyumba yachifumu kudikira komiti yosankha wodzazinyamula. Anthu amsika amangolowera kuseri kwa nthochi, ndipo nthochi zake zimabereka zoopsa, koma palibe wamsika amazidya kkkkk

Lachitatu a Kalilole anatulukira pa benchi la a Nangondo, magalasi akuda kumaso, chikwama chawo chatsopano chili m'manja mwa dalaivala. Anamva kuti mayiwa amadziwa zikwama.

"Mayi, tandiuzani. Chikwama changachi chikulefuka bwanji? Ndikachigwira chikungopindika ngati chitumbuwa chonyowa."

A Nangondo anachitsegula, anasuzumiramo, anachitseka.

"Mulibe kanthu, bwana."

"Ndiye?"

"Ndiye thumba lopanda kanthu siliima. Muziikamo chiyani?"

A Kalilole anachotsa magalasi. "Lamulo silinanene."

"Ku ofesi mumanyamula chiyani?"

"Ife sitinyamula, mayi. Timasaina."

"Ikanimo cholembera."

"Timabwereka."

"Chabwino, ikanimo ntchito yonse imene mwagwira chaka chino."

A Kalilole anayang'ana kumwamba, anawerenga zala, anafika pa chala chachiwiri n'kubwerera. "Chidzaima?"

"Ayi bwana, chidzalefukabe."

Amayi a usipa pa benchi loyandikana anayamba kutsokomola osaleka.

"Nanga nditani mayi? Lachisanu ndi mkuja!"

"Kaya, ikanimo njerwa," anatero a Nangondo akukonza malonda awo.

Iwo ankangonena eti. Koma a Kalilole anavala magalasi, anati zikomo kwambiri mayi mwathandiza dziko, n'kuthamangira ku galimoto. Pofika kuseri kwa nyumba yachifumu anatenga njerwa ziwiri pa mulu uja, anaika m'chikwama, ndipo chinaima ndithu, njoo, ngati cha munthu wophunzira. Nduna ina inaona. Inaika zitatu. Ina zinayi. Pofika Lachinayi masana kunali kutamveka kuti kulemera kwa chikwama ndiko kulemera kwa ntchito yako, ndiye aliyense amafuna kuposa mnzake. Mfumu itamva inaikitsa 12, chifukwa ndani angaipose.

Lachisanu m'mawa a Lapukeni anavala suti yawo, a Nangondo anali ataisita ndi ayironi ya makala mpaka mzere wa thalauza ungakucheke.

"Bambo a Ndaziona, tabwerani."

"Ndachedwa, mayi."

"Dzanja."

Anang'amba kansalu ka chitenje, anamangirira kachikwama kaja pa dzanja la amuna awo, mfundo yake ija yomangira mbuzi.

"Aa mayi, ine ndasanduka mbuzi?"

"Mbuzi siinaiwalepo ambulera m'tchalitchi katatu. Jekete imeneyi ibwere kuno ili pathupi panu, mwamva? Mukaitaya, mawa mukakhala kuseri kwa tenti ndi ophika."

"Ndine munthu wamkulu ine."

"Ndinu nambala 21. Pitani."

Perete anali wa nyooo. Bandi ya apolisi kutsogolo, mbendera, anthu mbali zonse za msewu atawatchinga ndi chingwe, ndipo analengeza kuti wodumpha chingwe agona ku selo. Pa chipata cha msika panaima Sajeni Zalembedwa, wezulo pakamwa, pepala la lamulo m'manja. Mayi wamfupi ameneyu anamangapo apongozi ake enieni chifukwa choyendetsa njinga yopanda belu, ndipo nsima anakawapatsira yekha ku selo. Sadziwa munthu, amadziwa pepala.

Geti linatseguka. Mfumu inatuluka patsogolo, chikwama cha ng'ombe yathunthu m'manja, njerwa 12 mkati. Kumbuyo kwake nambala 2, nambala 3, mpaka a Lapukeni kumapeto ndi kasopo kawo.

Phazi loyamba. Lachiwiri. Pa phazi lachitatu Mfumu inali itapendekeka ngati minibasi yophulika tayala, thukuta lili kamukamu, koma ikumwetulirabe chifukwa makamera.

A Ndagwirizana anayesetsa, zoona anayesetsa. Anayang'ana kumbali. Analuma mlomo. Koma munthu zaka 60 akuthamangira kulandira wamkulu, miyendo siifunsa mutu. Inangonyamuka yokha.

"Tikulandireni, Mwinidziko."

"Wachita bwino mwana wanga," inatero Mfumu, ikupukusa dzanja lomwe linali litafa kale.

Tsopano a Ndagwirizana ali ndi ziwiri. A Kalilole, nambala 3, aona wamkulu wawo akuvutika. "Tikulandireni, bwana." Ali ndi zitatu. Nambala 4 wathamanga. "Tikulandireni." Zinayi. Nambala 5. Nambala 6. Zikwama zinkangotsetsereka kumbuyo ngati ndowa zozimitsira moto, tikulandireni, tikulandireni, tikulandireni, aliyense amazigwira masekondi awiri n'kupumira m'mwamba, ndipo asanafike pa mphambano ya pa positi ofesi zonse 20 zinali zitafika kwa nambala 21.

A Lapukeni anatembenuka kuti aone ngati kuli wina kumbuyo kwawo. Kunali galu. Galuyo anayang'ana kumbali 😂

Ananyamula bwanji musandifunse. Zina m'khosi, zina m'mapewa, zina m'zigongono, ziwiri anazikoletsa pa lamba, cha Mfumu pamutu. Munthu sankaonekanso. Unkangoona mulu wa zikwama zabulauni uli ndi nsapato ziwiri pansi, ukuyenda pang'onopang'ono. Kutsogolo mabwana 20 akuyenda mopepuka, manja akubayibitsa anthu, ena mpaka kuvina pang'ono ndi bandi.

"Taonani boma likuyenda lokha," anatero bambo wa makala.

"Pansipo pali ndani?" anafunsa amayi a usipa aja.

"A Lapukeni."

"Eee? Ine ndimanena nthawi zonse kuti boma lonseli analinyamula ndi munthu mmodzi, koma sindimadziwa kuti ndi aneba."

Wina anafuula kuti nanga osakawalandira, mkulu akuvutika. Onse anayang'ana chingwe, anayang'ana mulu wa zikwama, n'kugwirizana kuti lamulo ndi lofunika kulilemekeza.

A Nangondo okha sankaseka. Maso awo anali pa msoko wa jekete.

Pa chipata cha msika, fyeeeee!! Wezulo. Bandi inasiya pakati pa nyimbo.

"Imani pomwepo. Manja m'mwamba ndione zikwama," anatero Sajeni Zalembedwa.

Manja 40 anakwera. Opanda kanthu onse. Mabwana anayang'ana manja awo ngati ndi koyamba kuwaona.

"Majekete," anatero Sajeni.

"Sajeni," inatero Mfumu ndi mawu otsika, "ukudziwa ndine ndani?"

"Ndikudziwa, Mwinidziko. Apa palembedwa kuti aliyense ndi aliyense. Dzanja ndi lanu, chidindo ndi ichi."

"Lapukeni!! Bweretsa chikwama changa msanga!"

Mulu uja unayenda, unayenda, unafika. A Lapukeni anaweramitsa mutu kuti chikwama chachikulucho chitsike. Mfumu inatambasula manja, ndipo poti chinali cholemera inatambasula onse awiri.

Ndipomwe kuseri kwa chingwe kunamveka nthungululu ya a Nangondo.

"Lululululu! Amayi inu taonani! Mwinidziko akuwalandira bambo a Ndaziona! Ndi manja awiri!"

Manja a Mfumu anauma m'malere. Msika wonse mafoni m'mwamba. Kungokhudza chikwamacho basi, ndiye kuti Sindilakwa Wachitatu wavomera pamaso pa ogulitsa tomato kuti wodinda zidindo ndi wamkulu wake. Mfumu inayamba kuwomba mpweya ngati ikupha udzudzu. Nduna zonse nazonso zinayamba kupha udzudzu.

Koma a Lapukeni anali atawerama kale, ndipo ndi katundu ameneyo ukawerama sudzukanso. Kunamveka phwerrrrr. Jekete yotuwa ija inang'ambika kumsana kuyambira pa kolala mpaka pansi. Khutu la Mfumu linatulukira. Chikwama chachikulu chinagwa pansi n'kuphulika, zinzake zinatsatira, gubudu gubudu gubudu, njerwa mbwee msewu wonse.

Bambo wa makala anatola imodzi yomwe inagubuduzika kudutsa chingwe. Anaipukuta ndi shati, anawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, ngati akuwerenga m'tchalitchi.

"Za. Chimbudzi. Cha. Msika."

"Ayi zafika ndithu," anatero amayi a usipa. "Zachedwa zaka naini zokha."

A Lapukeni anali atakhala pansi pakati pa njerwa. Anapisa dzanja kumsana, anakhudza pong'ambikapo, anakhudzanso. M'maganizo ankangoona nkhope ya Ndaziona. Apa ngakhale amayi a usipa anasiya kuseka.

Sajeni anafika, anawakweza dzanja. Kachikwama kaja kali lendelende pa kansalu ka chitenje.

"Awa okha ndi amene asunga lamulo. Jekete yawo isakhudzidwe."

"Muikhudza pati," anatero a Nangondo, "yatsala mikono yokha."

Tsopano kumbukirani kuti banja la a Sindilakwa silinalakwepo. Mfumu inayang'ana njerwa, inayang'ana mafoni, inayang'ana Sajeni amene anali atayamba kale kupinda mikono ya yunifolomu. Inakwera pa kreti ya zakumwa.

"Anthu anga a ku Indebwana! Inu mumaganiza kuti tayenda ulendo wonsewu chifukwa cha zikwama? Ayi! Takubweretserani chimbudzi! Ndi manja athu!"

"Ndi msana wa aneba," anatero amayi a usipa, koma bandi inali itayamba.

"Ndipo majekete tivula! Osati chifukwa cha lamulo ayi, koma chifukwa mwamuna sagwira ntchito atavala jekete! Zonsezi ndinazikonza kale!"

"Ndagwirizana nazo, Mwinidziko!" anafuula a Ndagwirizana.

Onse anayang'ana Sajeni. Sajeni anayang'ana pepala. "Bola avulidwe."

Mfumu inavula jekete yake ya mabatani agolide, n'kuigwira m'manja.

Mukudziwa kale eti kkkkkk

"Tikulandireni, Mwinidziko." "Tikulandireni, bwana." "Tikulandireni." "Tikulandireni." Anthu awa saphunzira!! Mphindi imodzi isanathe majekete onse 20 anali m'manja mwa a Lapukeni, amene anali atangodzuka kumene.

Ndiye anamanga chimbudzi. Eeeh mukanaona. Amayi amsika anakhala pa mabenchi n'kumalangiza. "Bwana, dothi limapita pakati, osati pamwamba." A Ndagwirizana anafunsa kuti njerwa kumwamba kwake ndi kuti. A Kalilole anagwira matope ndi zala ziwiri n'kupempha tishu. Mfumu inaika njerwa imodzi n'kujambulidwa ka 40. Pofika masana panali khoma lofika m'maondo, lokhota ngati njira ya woledzera, lopanda khomo. Anthu amsika anati bola, tsopano nthochi zili ndi mpanda.

Atasamba m'manja a Ndagwirizana anakodola. "Lapukeni, majekete."

A Lapukeni, munthu womvera, anatambasula mulu wonse. A Nangondo anali atafika pambali pawo, chingwe chinali chitachotsedwa.

"Landirani mabwana, musachite manyazi," anatero, nkhope osasintha. "Ayambe ndani kuwalandira bambo a Ndaziona?"

Manja onse analowa m'matumba a mathalauza.

"Iwe," ananong'ona a Ndagwirizana, "ukatiikire kunyumba monga mwa mwambo."

Fyeee! "Jekete yovulidwa lero sidzalowanso pa geti la mpanda wachifumu," anawerenga Sajeni.

"Nanga apite nawo kuti?"

Sajeni anatembenuza pepala, anayang'ana kuseri, analitembenuzanso. "Sizinalembedwe."

Onse anayang'ana Mfumu. Mfumu inayang'ana mabatani ake agolide kwa nthawi yaitali ndithu, ngati munthu akutsanzikana ndi m'bale pa depoti.

"Ndi mphatso," inatero. "Ndinazikonza kale."

Madzulo omwewo wailesi inalengeza kuti shati yopanda jekete ndiye chovala chaulemu cha dziko la Indebwana kuyambira kalekale, ndipo kwakhazikitsidwa komiti yofufuza chikwama choyenera shati.

Loweruka ku chinkhoswe!! Akuchimuna anafika ndi matama awo, akonzeka kuyang'ana nsapato. Anangoona akuchikazi akutuluka m'nyumba mmodzimmodzi. Amalume a Ndaziona jekete ya Nduna ya Zachuma. Ang'ono awo a Lapukeni ya Zaulimi. Bambo wa makala, amene sanaitanidwe n'komwe, ya a Kalilole, ndi kampango ka pathumba komwe. M'thumba la jekete ya a Ndagwirizana ana anapezamo maswiti okwanira tenti yonse. Pomaliza a Lapukeni, jekete ya mabatani agolide, yofika m'maondo, mikono atapinda katatu. Khutu lija lili mkati phee, palibe analiona. Akuchimuna anaimirira okha osauzidwa. Ndaziona anagwira pakamwa, kuseka ndi kulira pamodzi.

Kachikwama kaja kanali kakadali pa dzanja, chifukwa mfundo ya mbuzi inakana kumasuka, anagona nako.

Ndiye mkwati, Jolamu, mphunzitsi wamtali waulemu wake, anangoona apongozi ake agwira kanthu. Anadzuka pa mpando wa maluwa, anathamanga, anapinda bondo, manja awiri.

"Tikulandireni, bambo."

A Lapukeni anacheuka kumbuyo kuti aone akuuzidwa ndani. Kunalibe munthu. Anayang'ananso Jolamu, anayang'ana kachikwama. Zaka zonsezi.

"Landira mwana wanga," anatero.

Jolamu anakoka. Dzanja la apongozi linabwera nalo. Anakokanso. Wina anathamangira mpeni.

"Musadule," anatero a Nangondo. "Azolowere."

Ndiye Jolamu anayenda chowerama kuyambira pa khomo mpaka kutsogolo kwa tenti, atagwira kasopo kaja ndi manja awiri, apongozi ake ali kumapeto kwa kansalu, akuyenda pang'onopang'ono dala, dzanja linalo likubayibitsa anthu.